Mwana Wolembedwa ndi Pensulo

4 Ogasiti

Achimwene,

Landirani moni. Kuno tonse tili bwino, kupatula denga la kukhitchini lomwe likudonthabe, ndi ine amene ndikulemba kalatayi ndikukukuta mano. Ndikhulupirira inu, alamu ndi mlendo amene mukumuyembekezerayo muli bwino.

Musadabwe kulandira kalata ya pepala ngati tabwerera m'masiku a makolo. Foni ndayesa. Tikamakamba za kuzizira kwa kwanuko, mawu anu amamveka ngati muli pakhonde pangapa. Ndikangoti "nanga za mwana," netiweki yanu imagwa khunyu. Pepala silidula.

Sukulu itsegulidwa mwezi wamawa ndipo ahedi akufuna sikimu yanga ya Chingerezi ya Fomu 3. Inu a ku yunivesite muli ndi mayina ake aatali, koma ndi buku lija timalembamo zimene tidzaphunzitse sabata ndi sabata mpaka chaka chithe. Pasukulu pathu lamulo lake ndi lachidule: chimene watsimikiza umalemba ndi inki, chimene ukukayika umalemba ndi pensulo. Ahedi sasaina buku limene muli pensulo.

Chaka chino ndatopa ndi kuphunzitsa ana osatsegula pakamwa. Ana anga ndi akatswiri odzaza mipata m'ziganizo, koma mlendo atawafunsa njira ya kuchipatala akhoza kufera pamsewu iwo akuwerenga zala zakumapazi. Ndiye ndaganiza kuti chaka chonsechi timange sewero. Teremu yoyamba aliyense abwere ndi nkhani ya kwawo, aifotokoze m'Chingerezi ataimirira. Yachiwiri tilembe nkhani imene kalasi yasankha, tiikonze. Yachitatu tisewere pamaso pa makolo. Magulu ndimagawa koyambirira, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu amafuna miyezi kuti asiye kuyankhulira m'kolala ya malaya.

Mtsikana wanu ali m'kalasi imeneyi. Munamusiya kuno mu Epulo mukuti "masabata ochepa chabe, aphunzireko khalidwe, ife tikonze m'nyumba." Sutikesi yake sanamasule mpaka lero. Ili pafupi ndi chitseko. Amatulutsamo chovala chimodzi, akachapa n'kusita amabwezeramo. Anzake amutcha Sutikesi, ndipo akamuitana amavomera. Dzulo ndinamufunsa gulu limene akufuna kulowa, anati, "Musavutike azakhali, adadi abwera kudzanditenga."

Funso langa ndi limodzi. Dzina lake ndilembe ndi inki kapena pensulo? Mudzamutenga liti? Sindikupempha ndalama, musathawe. Ndikupempha dzina la mwezi. Miyeziyo ilipo khumi ndi iwiri, sankhanipo umodzi.

Ndine mlongo wanu.


23 Ogasiti

Chemwali wokondedwa,

Moni kwa iwe ndi kwa mwana. Ife tili bwino. Alamu ako miyendo yatupa, koma adokotala akuti ndi zoyembekezereka.

Kalata yako ndaiwerenga ndi chidwi cha munthu wa ntchito yomweyi. Ganizo lako la sewero lili ndi mtima, koma lilibe msana. Sikimu siyamba ndi chimene ana adzachite. Imayamba ndi chimene ana adzakhale. Monga ukudziwa, ndatha zaka zambiri m'bungwe lathu ndikulangiza maboma za kaphunzitsidwe ka zilankhulo, choncho ndinapatula Loweruka lathunthu kukukonzera ndondomeko yeniyeni. Ili mu envelopu yomweyi.

Uona kuti chaka ndachiimika pa mizati inayi. Mzati uliwonse uli ndi zolinga, cholinga chilichonse chili ndi zizindikiro, ndipo chizindikiro chilichonse chili ndi tsiku lake. Usasiye kanthu kopanda tsiku, chemwali. Mwana amakula bwino akamadziwa chimene chikubwera mawa. Mawu amenewa ndinawanena pamsonkhano waukulu chaka chatha ndipo anthu anaimirira powomba m'manja.

Sabata yachitatu ndaikapo phunziro loti ana amvetsere zokambirana pa kompyuta, aliyense ndi zomvera zake m'makutu. Ngati makompyuta sakukwana, akhoza kukhala awiriawiri. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Za mwanayo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinthu kuno zidakali pakati. Chipinda chake tikuchipaka utoto, ndipo fungo lake si labwino m'chifuwa. Komanso ndinamuuza pomusiya kuti adzabwerera akadzatha kundilembera kalata yonse m'chilankhulo cha kwathu, popanda liwu la Chingerezi. Mwana wosadziwa chilankhulo cha mayi ake ndi mtengo wopanda mizu. Malemu mayi akewo akanakhala moyo akanagwirizana nane.

Undiuze mmene ahedi alandirira ndondomekoyo. Ngati ali ndi mafunso, usaope kuwapatsa nambala yanga.

Mlongo wako.


9 Seputembala

Bambo,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Amayi aang'ono ali bwanji?

Ndalemba "Bambo" chifukwa azakhali akuti ndikalemba "adadi" mukhoza kunena kuti ndi Chingerezi, n'kuwonjezera mwezi wina.

Iyi ndi kalata ija munanena. Ndalemba ndekha. Azakhali anangondibwereka tebulo.

Khalidwe ndaphunzira. Ndimapereka moni ndisanapemphe kanthu. Ndimachapa ndi manja. Sindimenyetsa chitseko. Munthu wamkulu akamayankhula zabodza ndimayang'ana pansi, sindimutsutsa.

M'kalasi timakhala atatu pa desiki limodzi. Ndimakhala ndi mtsikana wina timamutcha Wailesi, chifukwa sasiya kuyankhula. Koma nthawi ya Chingerezi amazima. Akufuna ndilowe gulu lake la sewero. Ndamuuza kuti sindikhalitsa. Iye wati aliyense wobwera pasukulu pano amanena zomwezo, ngakhale ahedi.

Utoto wa m'chipinda changa ndi wa mtundu wanji? Ine ndimakonda wobiriwira. Chonde musataye zithunzi za amayi zimene zinali pakhoma.

Kalata ndi imeneyi. Ndibwere liti?

Mwana wanu.


14 Seputembala

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira miyendo ya alamu yaphwa. Ife tilipo.

Ndondomeko yanu yafika, ndipo ndikuthokoza. Desiki lakutsogolo m'kalasi mwanga linkagwedera kuyambira chaka chatha. Pano lakhazikika.

Tsamba loyamba lokha ndi lachitatu ndinawerenga. Pasukulu pathu kompyuta ilipo imodzi. Ili mu ofesi ya ahedi, anaifunditsa nsalu ngati thupi lodikira abale. Ana anga atati akhale awiriawiri pamenepo, omaliza adzamvetsera zokambirana zanuzo ali ndi zidzukulu.

Koma si zimenezo zandikwiyitsa. "Mwana amakula bwino akamadziwa chimene chikubwera mawa." Ndinawerenga mawu amenewa ndili ndi kapu m'manja, ndinatuluka panja kuti ndisaiswe. Ana a eni ake amene simudzawaona nkhope mwawapatsa tsiku la chilichonse, mpaka tsiku lobwereza zimene aiwala. Wanu mwamupatsa maso a nkhono. Anthu aja anaimirira powomba m'manja, mukanawauza kumene kuli mwana wanu, akanakhalanso pansi.

Lolemba ndinapita ndi sikimu kwa ahedi. Anatsegula masamba akunyambita chala, anaima pa magulu.

"Amadamu, ichi n'chiyani?"

"Pensulo, ahedi."

"Ndikuona kuti ndi pensulo, kusukulu ndinapitako. Ndikufunsa kuti bwanji mwana yekhayo amene amayankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno ndi amene mwamulemba ndi pensulo. Ameneyu mumuike patsogolo. Makolo akadzamumva adzati tamuphunzitsa ndife."

"Nanga akachoka pakati pa chaka? Gulu lake ndilione bwanji?"

"Auzeni bambo ake asamuchotse."

"Bambo ake ndi katswiri, ahedi. Amalangiza maboma. Sauzidwa."

Sanasaine. Tsopano dzina langa lili pa bolodi ya m'chipinda cha aphunzitsi, pansi pa mutu woti Osamaliza. Tilipo awiri, ine ndi wa masamu amene amabwera Lolemba akununkha Loweruka. Chiyambire ntchitoyi sindinalembedwepo pamenepo. Mapepala a sewero sandipatsa mpaka buku lisainidwe, ndiye ana akulemba nkhani zawo kuseri kwa mayeso akale.

Mudzati ndingolemba dzinalo ndi inki, ndani adzandimange? Palibe. Koma mwanayo amaona bukulo patebulo tsiku lililonse. Ndikamulemba ndi inki mpaka teremu yachitatu, ndiye kuti ndine ndamuuza kuti bambo ake sabwera. Ntchito imeneyo si yanga. Muli nayo inu pakamwa.

Ndatopa, achimwene. Nthawi ya chakudya mwanayu amangotosatosa m'mbale. Mlonda akabwera ndi makalata a sukulu, iye amakhala ataima kale pakhomo la ofesi. Galimoto ikaima pageti, amasiya chilichonse chili m'manja. Ine sindinabereke, koma ndikulera, ndipo ndikulera munthu amene wavala nsapato kudikira ulendo. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri. Si siteshoni ya basi.

Kalata imene munamulamula walemba. Ndinamuona akung'amba mapepala mpaka inatheka. Muyankheni.

Mlongo wanu.


21 Okutobala

Achimwene,

Muli moyo? Ndikufunsa chifukwa pakadachitika maliro tikadamva, koma chete ameneyu sindikumudziwa dzina lake.

Ndikuyamikeni pa mwana wamwamuna. Tamva kudzera pa foni ya Wailesi, mnzake wa mtsikana wanu. Zithunzi zimene alamu anaika kuti dziko lonse lione zinafika m'kalasi mwanga nthawi yopuma, pakati pa atsikana okankhana mitu. Mwana ndi wokongola, mphuno ndi ya kwathu. Kabedi kake n'kokongolanso, ndi khoma lachikasu lija.

Mtsikana wanu anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Sanalire. Anangoti, "Zenera limenelo ndi langa," n'kubweza foni. Madzulo anandifunsa ngati utoto wachikasu umachedwa kuuma kuposa wina.

Ndimuyankhe chiyani, a katswiri?

Mlongo wanu.


3 Novembala

Chemwali,

Moni. Pepa pochedwa kuyankha. Amene sanakhalepo ndi khanda m'nyumba sangadziwe mmene masiku amasowera. Mayi ndi mwana ali bwino. Za zithunzi zija ndakambirana ndi alamu ako, ndipo akuti sanaganize kuti zingafike kutali choncho.

Kalata ya mwana ndinalandira ndipo inandikhudza kwambiri. Ndinaionetsa anzanga kuntchito monga umboni woti mwana akamizidwa m'chilankhulo amasambira. Komabe kalata imodzi si mayeso. Tiyenera kuona ngati lusolo likhazikike.

Ndawerenganso makalata ako mofatsa, ndipo kulira kwako ndakumva. Wati watopa, wati nyumba ndi yaing'ono, wati si siteshoni. Ukunena zoona. Sindifuna kuti mwana wanga akhale mtolo pamutu pa munthu, ngakhale wa magazi anga. Choncho ndapeza njira yokomera tonse. Pali sukulu yogonera komweko, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kwanuko. Ili ndi mpanda, laibulale ndi makompyuta. Malo ndamupezera kale, ayambe Januwale. Tchuthi akhoza kumatsala komweko, ali ndi dongosolo la ana amene makolo awo ali kunja. Iwe udzapuma, dzina lake udzalifufuta, ahedi adzasaina. Unkafuna mwezi, ndakupatsa.

Kuno pakadali pano malo ndi ochepa, ndipo msinkhu wake ndi wovuta kukhala pafupi ndi khanda. Udzamufotokozere mwanzeru, iwe umadziwa kuyankhula ndi ana. Ungomukweza basi, kumeneko akamulandira.

Kanthu kena kakang'ono. Mu lipoti la bungwe lathu la chaka chino ndalemba sukulu yako ngati imodzi mwa zimene zikuyesa ndondomeko yanga. Unditumizire zithunzi zingapo za ana akuphunzira, makamaka akumwetulira, ndi mawu ochepa a mmene mizati inayi yasinthira kalasi yako.

Mlongo wako amene amakuganizira.


19 Novembala

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero ngakhale kwa wakuba nkhuku. Khanda lilandire moni weniweni, ilo lilibe mlandu.

Munaphunzira mpaka mayunivesite awiri kuti muwerenge kalata ya mlongo wanu n'kupezamo zimene mumafuna. Ndinati muuzeni mwana zoona. Inu mwamva kuti ndikuti mumuchotse. Munthu akamadandaula kuti mwana wake sakudya, kwanuko mumamuthandiza pomulanda mwanayo? Ndinati nyumba yanga si siteshoni, inu mwamupezera siteshoni ina yokhala ndi mpanda.

Kumufotokozera mwanzeru ndakana. Nzeru zatha ndi inu. Ndinamukhazika patebulo, ndinamuwerengera kalata yanu yonse, kuyambira moni mpaka ana omwetulira. Ali ndi zaka zokwanira kumva mawu a bambo ake osasefa.

Koma ndiyambe ndi za m'kalasi, popeza mukufuna lipoti.

Sabata yapitayo tinamaliza nkhani za kwawo. Mnyamata wina anafotokoza za mbuzi imene inalowa m'tchalitchi, nkhani yonse m'mawu asanu ndi manja ambiri. Wina anakopera nkhani ya m'buku, anaiwala kusintha chipale chofewa. Kenako inafika nthawi ya Wailesi. Anaimirira, anatsegula pakamwa, munalibe kanthu. Kalasi inayamba kuseka. Ndinamva mwana wanu akumuuza chapansipansi m'chilankhulo chathu, "Yamba ndi bambo ako, zinazo zibwera zokha." Ndinadziwa pambuyo pake kuti awiriwa akhala akusinthana kuseri kwa kalasi: uyu amaphunzitsa mnzake Chingerezi, mnzakeyo amamulipira ndi miseche ya m'tauni muno, imene ndi sukulu ya chilankhulo yoposa mizati yanu.

Wailesi anayamba. Bambo ake ndi telala. Munthu aliyense wobwera ndi nsalu amamuyeza bwinobwino, m'chiuno, m'mapewa, amalemba manambala pakhoma, kenako amati, "Bwerani Lachisanu." Sanena kuti Lachisanu liti. Mkwati anabwera Lachisanu, anakwatira ndi jekete yobwereka. Mayi wina anasiya nsalu ya diresi la mwana, pobwera kudzatenga mwanayo anali ndi mwana wake. Chingerezi cha Wailesi chinali chothyokathyoka, koma ana anaseka mpaka ahedi anasuzumira pazenera. Povota, nkhani ya telala inapambana. Ndiyo tikusewera.

Nditafunsa amene akufuna mbali ya telala, anyamata atatu anakweza manja. Mwana wanu sanakweze. Anali adakali wa pensulo.

Tsopano tibwerere patebulo. Nditamaliza kuwerenga kalata yanu, mwanayo anayamba kupinda ngodya ya nsalu ya patebulo. Kenako anati, "Azakhali, inuyo mukufuna ndipite?"

Ndinati, "Ine ndikufuna uchotse sutikesi pakhomopo. Ndapunthwapo mokwanira, zala zanga si za boma."

"Ndikaichotsa ndiike kuti?"

"Pamwamba pa kabati, pamene anthu okhala m'nyumba amaika masutikesi."

Anapita kuchipinda. Ndinamva zipi, ndinamva madilowa. Ine ndinakhala pomwepo ndikuyang'ana khoma ngati chitsiru, chifukwa mphunzitsi wa Chingerezi salira pamaso pa wophunzira wake. Atatuluka anakoka buku la sikimu, anatsegula pa magulu, anatenga peni yanga yofiira.

Ndinati, "Yofiira ndi yochongera, tenga yakuda."

Anatenga yakuda. Anadutsitsa inki pamwamba pa pensulo yanga, chilembo ndi chilembo, teremu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa mzere wa telala, pamene ndinasiya mpata, analembapo dzina lake.

Ndinati, "Mbali imeneyo anyamata aipempha kale, komanso ndi ya bambo."

Anati, "Adzayese tione. Anthu oterewa ine ndimawadziwa mayankhulidwe awo."

Lachiwiri tinawayesa onse anayi. Anyamata aja ankakuwa ndi kutupa masaya. Iye anangopachika tepi m'khosi, anapendeka mutu, anayankhula mofatsa ngati munthu amene akukuchitira chifundo pokunamiza. Ndinamva mawu anu m'kalasi mwanga, achimwene, mpaka kakhosomola kanu kaja mumayamba nako mukafuna kuzemba. Mbali yapita kwa iye. Ahedi asaina. Pa bolodi patsala wa masamu yekha.

Ndikudziwa kuti mwana ndi wanu, ndipo pa malamulo inki yanga singapose siginecha yanu. Mukafuna kumupititsa kumpanda kuja mukhoza. Koma ine sindikweza mwana basi ngati thumba la makala. Mubwere nokha, muime pakhomo pano, mumuyang'ane m'maso, munene ndi pakamwa panu kuti chipinda chake munapatsa wina ndipo kwa azakhali akenso mukumuchotsa. Mukatha kunena zimenezo osakhosomola, sutikesi ndidzakutsitsirani ndekha.

Za lipoti lanu, lembani kuti ndondomeko yanu ikuchirikiza maphunziro a ana atatu tsiku lililonse. Ndi amene amakhala pa desiki lija. Chithunzi ndikhoza kutumiza.

Mlongo wanu.


10 Disembala

Chemwali,

Moni kwa nonse. Khanda likukula, layamba kuzindikira nkhope.

Sindibisa, kalata yako yandipweteka. Pali mawu ena amene munthu sayenera kulembera mkulu wake, ndipo kuwerengera mwana kalata ya akuluakulu si njira imene akatswiri amalimbikitsa. Zonse ndimachita ndimachitira ubwino wake. Tsiku lina adzamvetsa.

Komabe, pofuna mtendere, za sukulu yogonera ndaziimitsa kaye. Sindinazithetse, ndaziimitsa. Kubwera pakhomo monga ukunenera sikutheka panopa chifukwa cha ntchito.

Nkhani yabwino ndi yakuti mu Juni bungwe lathu lili ndi msonkhano mumzinda waukulu kwanuko, ndipo ine ndidzayankhulapo za kufunika komvera mawu a achinyamata. Ndikhoza kupeza masana amodzi, mwina Lachinayi, mwina Lachisanu, malinga ndi mmene zinthu zidzakhalire. Udzabwere naye ku hotela, tidzamwe tiyi, tidzakambirane za tsogolo lake modekha. Tsiku lenileni ndidzakuuza likayandikira.

Umuuze kuti ndimamunyadira. Za telalazo sindinamvetse bwino chifukwa chake mtsikana akusewera mwamuna, koma ndikusiyira iwe.

Mlongo wako.


6 Januwale

Adadi,

Moni wa chaka chatsopano. Muli bwanji, amayi aang'ono ali bwanji, nanga mchimwene wanga wa m'chipinda chachikasu? Mumupsompsone m'malo mwanga. Mumuuze kuti zenera limenelo limavuta kutseka mvula ikagwa, amafunika kulikankha cham'munsi.

Ndabwerera ku "adadi" chifukwa palibenso mwezi umene mungawonjezere.

Azakhali andipatsa kalata yanu kuti ndiyankhe ndekha. Akuti iwo akayankha, envelopu ipsa isanafike.

Teremu yachiwiri yayamba. Tikulemba sewero. Gulu lathu lili ndi ntchito yoika mawu a telala m'Chingerezi, ndipo tapeza kuti n'zovuta kuposa mmene timaganizira, chifukwa munthu wozemba safuna mawu wamba. Ine ndimathandiza. Wailesi akuti ndikamayankhula ngati bambo ake amafuna kundiponyera sizasi. Iye akusewera mayi wa diresi, ndipo tsopano sazima. Azakhali akuti tamuyatsa ndipo palibe akudziwa pozimitsira.

Sutikesi ndabwereketsa gulu. Ndi mmene telala amasungira nsalu za eni ake. Dzina lija latha, pano akunditcha Telala. Ahedi akandiona amati ndiziyankhulira m'mphuno kwambiri kuti makolo adzamve bwino.

Za hotela, pepani, sindidzatha kubwera. Ndayang'ana m'buku la azakhali. Masana onse a Juni tili ndi zokonzekera, ndipo telala akajomba anthu onse amangoima ndi nsalu m'manja. Ndikudziwa mmene zimawawira, sindingawachite zimenezo.

Koma sewero lili ndi tsiku. Ndi Lachisanu lomaliza la Juni, masana, mu holo ya sukulu. Lachisanu lenileni, lolembedwa ndi inki, ahedi anadindapo. Kuchokera mumzinda waukulu basi imafika kuno dzuwa lisanapendeke. Mukadzamaliza kuuza anthu za kumvera achinyamata, mukhoza kudzamverako mmodzi. Pambuyo pake tiyi tidzamwera kunyumba, ndipo zimene mukufuna kundiuza za tsogolo langa mudzandiuze muli pampando wa azakhali, ine ndikukuyang'anani. Zithunzi za amayi mudzabwere nazo. Khoma lilipo.

Ntchito yokonza mipando ya makolo andipatsa ine. Aliyense walemba amene adzabwere. Bambo a Wailesi alonjeza kuti afika, ndipo kalasi yonse inaseka, koma iye wawalemba ndi inki, akuti adzawakoka ndi tepi yawo yomwe.

Inu ndakuikani mzere wachiwiri, pafupi ndi azakhali, kumbali ya khomo kuti musadzavutike potuluka. Ndakulembani ndi pensulo. Peni ili pomwepa patebulo, mukanditumizira liwu limodzi loti mubwera. Chofufutira chilinso pomwepa.

Mwana wanu.